Chithunzi cha Amama Chopanda Mutu

Amuna anga anagula kamera dziko litangolandira ufulu. Masiku amenewo mkuwa unali pa mtengo, ndipo amuna a ku Wusakile, komboni yathu ya mgodi ku Kitwe, anapenga ndi kugula: wina wailesi yaikulu ngati kabati, wina njinga yamoto. Anga anabwera ndi kabokosi kakuda kolendewera pakhosi. Nditawafunsa amene anawagulitsa, anati mzungu wina wa ku mgodi amene anali kubwerera kwawo. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani, chifukwa ine sindinaonepo munthu akusiya chinthu chabwino posamuka.

Ndinkaganiza kuti azijambula ana. Ayi. Analowa kalabu ya ojambula ya ku mgodi, imene inali itangoyamba kulola anthu akuda, ndipo kumeneko anawaphunzitsa kuti chithunzi chenicheni ndi cha duwa, cha chulu, cha mbalame ili pa waya. Munthu wamkulu, kapitawo wa anthu pansi pa mgodi, kumagona chafufumimba pa fumbi kudikira bilimankhwe, akazi a m'komboni akuonerera. Bafa lathu analisandutsa chipinda chotsukira zithunzi. Anakhoma bulangeti pa zenera, natenga beseni langa losambitsira ana kuthiramo mankhwala onunkha ngati mkodzo wogona. Ndinalitsuka ndi phulusa kangapo, fungo silinachoke.

Koma matenda awo enieni anali mwezi. Akaweruka shifiti ya m'mawa, ankayang'ana kumwamba ngati mlimi wodikira mvula. Zithunzi zoyamba zinatuluka ngati malovu olavulidwa pa sementi. Kenako wina wa ku kalabu anawauza chinsinsi, ndipo iwo ankandibwerezera ngati katekisimu, osafunsidwa.

“Amake ana, mwezi umapusitsa. Umaoneka ngati uli mumdima koma ndi wowala ngati masana. Kabowo kolowera kuwala muchepetse, mukaike pa eleveni. Liwiro wani-twenti-faifi. Mphete ya mtunda muizungulize mpaka pa kachizindikiro konga eyiti yogona.”

Manambalawo ndimawakumbukira mpaka lero, ndipo sanandithandizepo kanthu. Mwezi wake womwewo, ukamatuluka kuseri kwa utsi wa senta wochokera kosungunula mkuwa, unkakhala wachikasu ngati diso la wodwala. Pa pepala unkatuluka kadontho koyera, kofanana ndi batani la malaya logwera m'makala.

Chaka chimenecho amama anabwera kuchokera ku Katete kudzaonana ndi madokotala. Anali ndi chifuwa ndipo miyendo inkatupa. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi nati achira. Ine sindinakhulupirire. Ndine ndinkawatsuka kumsana, ndinkaziona nthiti. Chibadwire anali asanajambulidwepo, ndipo ndinafuna kuti asabwerere kumudzi ndisanasunge nkhope yawo.

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anati ndipite nawo ku situdiyo ya ku Buchi. Ndinakana. Wojambula wa kumeneko ankamata nkhope za anthu pa zenera kuti aliyense wodutsa azilozerana, ndipo filimu yakuda ija ankatsala nayo yekha. Ankaichita chiyani usiku, akudziwa ndani? Mayi wondilangizayonso ndinkamudziwa, ankangofuna aone ngati amama ali ndi nsapato. Kamera inali m'nyumba mwanga momwemo. Ndinati amuna anga ndiwo awajambule.

Ana a masiku ano sadziwa mmene tinkakhalira, ndiye ndifotokoze. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana pa njira, wina amapatukira patchire. M'kanyumba ka mgodi munalibe tchire lopatukirako, choncho amuna anga akafika pakhomo ankatsokomola, amama n'kuthawira ku khitchini. Moni ankapatsana wina atagwada panja, wina akuyang'ana khoma. Zimenezi sindinaziganizire pamene ndinkapempha. Amuna anga anaziganizira, koma anangoti, “Chabwino, Lasabata.”

Lasabata titachoka ku tchalitchi, amama anavala chitenje chatsopano ndi duku, nadzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira. Ndinawakhazika pa mpando pakhonde, mumthunzi, chifukwa dzuwa linkawachititsa chizungulire. Amuna anga anatuluka ndi kamera nayamba kubwerera m'mbuyo. Anadutsa pa chingwe choyanikira zovala, anadutsa khola la nkhuku, mpaka msana unagunda mpanda.

“Atate ake ana, mukupita ku Ndola? Senderani kuno.”

“Pano pali bwino.”

“Ikani diso pa kagalasipo, monga mumachitira ndi abilimankhwe anu.”

“Mukufuna ndiwayang'anitsitse apongozi ngati wapolisi?” anatero chapansipansi, nkhope ili ku khola.

Amama nawo anali atatembenukira kale kukhoma. “Mwanawe, auze akamwini asavutike. Ajambule mmene angathere.”

“Amama, tayang'anani kuno pang'ono.”

“Ndiyang'ane ali pomwepo? Unakulira kuti iwe?”

Ndinatambasula dzanja. “Ndipatseni ine ndijambule.”

“Mungasokoneze manambala. Ndawatchera kale za madzulo ano, lero mwezi ndi wathunthu.”

Atatero anagwira kamera pa mimba, anazolika, nadina. Ka! Basi. Ndinati ajambule kachiwiri, ndiime ndine pakati pawo kuti manyazi achepe. Anati filimu yatsala pang'ono, ndipo mwezi wathunthu subwera tsiku lililonse. Amama anali atanyamuka kale, akuombera m'manja molunjika khoma kuthokoza akamwini awo.

Nthawi imeneyo chithunzi sunkachiona pompopompo. Filimu inkayenera kutha, kenako kutsukidwa, ndipo mankhwala awo anali atatha, ankadikira ena ochokera ku Ndola. Ndinawakumbutsa m'mawa uliwonse. Amama anakwera basi mankhwalawo asanafike. Pa siteshoni anandiuza kuti ndikatsuka ndiwatumizire, akaonetse anzawo a ku tchalitchi.

Tsiku limene amuna anga anatsuka, anatuluka m'bafa akumwetulira, napachika mapepala onyowa pa chingwe. Mwezi, mwezi, chulu, mwezi. Kumapeto kunali cha amama. Theka lonse la pansi linali bwalo lathu, fumbi ndi tambala akutola zakezake, iyeyo wooneka bwino mpaka nthenga za kumchira. Pamwamba, mumdima wa khonde, munali mapazi otupa, chitenje, ndi manja awiri opingasa pa maondo. Chithunzi chinathera pa mapewa.

“Mutu uli kuti?”

“Chada pang'ono. Kabowo ka eleveni n'kochepa pa mthunzi, panafunika faifi-sikisi.”

“Sindikufunsa za kabowo. Mutu wa amama uli kuti?”

“Akadzabweranso tidzakonza. Koma taonani mwezi uwu, amake ana, mpaka mabala ake akuoneka.”

Ndinauyang'ana. Unali batani lomwe lija. Tsiku limenelo ndiwo ndinaphika, koma ine sindinadye.

Amama sanabwerenso. Uthenga wa maliro awo unafika mvula itayamba, misewu itaonongeka, ndipo ndinafika kumudzi atawaika kale. Sindinaione nkhope yawo. Chithunzi chija ndinali nditachikulunga m'kansalu pansi pa chikwama, sindinafune kuchionetsa munthu. Koma amama anali atauza mudzi wonse kuti ku Kitwe anawajambula akamwini awo ndi makina awoawo, ndipo amayi a pa siwa sanandipatse mpata.

“Tulutsa, mwanawe, timuone mbale wathu,” anatero amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amama.

Ndinatulutsa. Chinayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akupukuta zala pa chitenje asanachigwire. Ndinkawayang'ana pakamwa mmodzimmodzi, kudikira woyamba kuseka, yankho lake ndili nalo kale. Palibe anaseka. Amayi aang'ono anachibweretsa pafupi ndi maso.

“Manja ndi akewa. Chala chopindika ichi chinapsa tili atsikana.” Anachitembenuza kumbuyo, ngati mutu ungakhale kumeneko. “Nanga nkhope?”

Ndinawafotokozera zonse: za mpanda, za kuzolika, za filimu yosungira mwezi. Ndinkafuna amve ndipo anyansidwe monga ine. Iwo anagwedeza mutu nayang'ana anzawo.

“Mwamva? Ngakhale ndi makina a azungu, sanawayang'ane apongozi ake kumaso. Anakhala ku migodi zaka zonsezi koma mwambo sanataye. Mwanawe, unakwatiwa ndi munthu.”

Amayi onse anavomera. Wina anati mkamwini wake wa ku Lusaka amapereka moni wa padzanja, abwere adzaone chithunzichi aphunzire. Pobwerera ku Kitwe anandipatsa nkhuku yoti ndikawapatse amuna anga, yothokoza ulemu wawo. Ndinainyamula ulendo wonse pa miyendo, ikundinyerera pa chitenje, ndipo njira yonseyo ndinkatseka maso kuyesa kukumbukira ngati mpata wa mano wa amama unali m'mwamba kapena m'munsi.