Aphunzitsi a Kutsidya

Ragnfrid Tveiten anali chitsirizira m'banja la asodzi, m'kamudzi kena kumpoto kwa mzinda wa Bergen, ndipo ndiye yekha m'mudzimo amene anafika ku koleji ya zauphunzitsi. Atabwerako mu 1917 anamupatsa sukulu ya chipinda chimodzi kutsidya kwa nyanja. Mlongo wake wamkulu, Sjur, ndiye ankamuwolotsa pabwato Lolemba n'kukamutenga Loweruka.

Sjur sankatha kupalasa osamuputa.

"Aphunzitsi, kwezani mapazi. Maphunziro onsewo angalowe madzi."

"Palasani, achimwene. Mphamvu zonse zathera pakamwa, bwato likuyenda ngati ng'ombe yabere."

Ragnfrid anali wamfupi, wa mawu aakulu. Kuimba sankakutha, koma ankaimbabe mokweza mpaka ana n'kumagwa ndi phwete. Masana ankanyema buledi wake n'kumagawira amene abwera chimanjamanja, uku akunamizira kuti m'mimba simuli bwino. Sjur ankamunyadira, kungoti sanamuuzepo.

Chaka chotsatira, mu Okotobala, kunagwa fuluwenza. Sukulu itatsekedwa, Sjur anawoloka kukamutenga. Anamupeza m'khola la banja la a Hovland, makolo a ana ena a m'kalasi mwake, akukama ng'ombe.

"Amayi akuti ubwere kunyumba."

"M'nyumba umo onse ali gone, ndi khanda lomwe. Kumtunda uko n'chimodzimodzi. Ndipite kwathu ndikatani, ndikakhale pazenera?"

"Iwe ndiwe mphunzitsi, si namwino."

"Ng'ombeyi sikudziwa zimenezo. Kawauzeni amayi ndibwera Loweruka linalo."

Sjur anakwiya. Anatula thumba la mbatata pakhomo n'kubwerera osatsanzika.

Masiku amenewo Ragnfrid ankayenda nyumba ndi nyumba, kusonkha moto, kuphika phala, kutunga madzi ndi kuchapa zofunda. Loweruka lija litakwana, Sjur sanamupeze pagombe. Anamupeza ali chigonere kwa a Hovland, milomo itada, akupuma mobanika. Mayi Hovland, amene anali atangodzuka kumene pamphasa, ndiwo ankamupukuta thukuta. Dokotala anali kuseri kwa mapiri, nayenso akudwala.

Ragnfrid atamuona anayesa kumwetulira. "Mwabwera ndi bwato lodontha lija?"

"Ndalimata," anayankha Sjur.

Ragnfrid anamwalira mawa lake masana, ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Sjur anawolotsa bokosi yekha. Kumanda kunali anthu ochepa, poti mabanja ambiri anali ndi odwala awo kapena maliro awo.

Sukulu inatsegulidwa chaka chitasintha. Anatumizako a Aslaksen, mkulu wina amene anali atapuma kale pa ntchito, ndipo wowawolotsa anali Sjur yemweyo. Loweruka lina anafika msanga, ana asanaweruke. Atasuzumira pakhomo anaona mkuluyo akuphunzitsa chiimire, atatsamira ndodo, mpando uli pambali wopanda munthu.

Ali m'bwato anawafunsa. "Bambo, miyendo yanuyo, bwanji osakhala pansi?"

"Ana akana. Akuti mpandowo uli ndi mwini wake. Tsiku loyamba nditaukoka, kamtsikana ka a Hovland kanayamba kulira, kalasi yonse n'kutsatira. Ndiye ine ndingatani, mwana wanga?"

Sjur anapalasa mpaka kutsidya. Lolemba lake ananyamula mpando wa kukhitchini kwa amayi ake, nakauika m'kalasimo pafupi ndi moto.