Mphezi ya mu Julaye

"Mphezi yanji mu Julaye, bambo inu? Yasankha nyumba yanga yokha?" anakalipa Mayi Nachisale, ogulitsa chambo pa Benga, atandigwira malaya. Firiji yawo inali itazima, nsomba zikununkha mpaka kumsewu.

Ndivomere lero: sola yoyendetsa firijiyo ndinalumikiza ndine. Ndisanayambe, mlongo wanga Esinati, injiniya amene amayamba wayesa mawaya pakompyuta asanawamange, anayesa mawaya amene ndinkafuna kumanga n'kunena kuti, "Achimwene, waya uyu ndi woonda, atentha." Ndinamuyankha kuti kompyuta yakeyo sinagwidwepo ndi magetsi, pomwe ine zala zanga zili ndi zipsera za zaka makumi awiri. Katswiri ine!

Wayayo anasungunukadi, pamalo penipeni pomwe iye analoza. Ndiye ine ndinaloza kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe, n'kunamizira mphezi. Ndinawonjezanso kuti mwina wina wansanje wawatumizira. Mayiwo anangondiponyera chambo chowola pachifuwa.

Kutacha ndinakagula waya wonenepa, saizi yomwe Esinati analemba, n'kukamanga mwakachetechete. Atandiimbira kufunsa za ntchitoyo, ndinati, "Ili bwino. Waya uja ndasintha, ndinangoganiza ndekha."