Utsi wa pabwinja la amayi

Senderani kuno, ana inu, khalani pamkekapo. Musayang'ane mbaulayo ngati ikulumani, ndi ya gasi chabe. Nkhani yake ndi imene ndikufuna muimve, ndipo wina asadzuke ndisanamalize.

Chaka chimene amayi anamwalira, fodya anatikana. Bambo a Lameki anali atatsogola kale kumanda. Ndinatsala ndi ana awiri, Lameki ndi Tiyamike, nkhokwe itayamba kuonetsa pansi mvula isanagwe. Mayi wina wa ku Dzoole amene ankagwira ntchito ku Joni anati kuli dona wokalamba akufuna womusamala. Ndinati ndipita ine. Ana ndinawasiya ndi akulu anga, a Naphiri.

Kwathu kuno maliro akatha, tsiku lometa, moto wakale timauzimitsa, phulusa n'kukataya pamphambano, n'kuyatsa wina watsopano. Wa pamaliro a amayi anayatsa ndi akulu anga, pamafuwa atatu amene tinatsika nawo kuphiri, kubwinja kumene tinabadwira. M'mawa wonyamuka ine, anandiitanira m'khitchini.

"Esinati, wotha kaye."

"Akulu, basi indisiya."

"Wotha, iwe. Moto uwu sindizimitsa mpaka udzabwere kudzauwothanso. Wamva?"

Ndinaseka, n'kutambasula manja. Akulu anga anali ndi kasungidwe kawo ka moto. Akamaliza kuphika ankaikapo chikuni, n'kukwirira ndi phulusa, n'kudinda pamwamba ndi dzanja lamanzere. Dzanja limenelo linali ndi zala zinayi, china chinapita ndi chikwakwa ali mtsikana. M'mawa amayi a m'mudzi ankabwera ndi mapale kudzapala moto, poti ankadziwa kuti kwa a Naphiri suzima.

Ku Joni ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Kuzizira kwake, ana inu, kwa ku Ntchisi ndi mwana. Ndinkasambitsa dona, kumudyetsa, kumutembenuza. Mapepala anga anatha, ndiye panja ndinkatuluka ngati mbewa, ndikaona galimoto ya polisi ndinkathawira m'nyumba. Lamulungu ndinkalankhula Chichewa ndi mphaka wa dona kuti lilime lisaiwale. Ndalama ndinkapatsira a mabasi, zina zinkafika, zina msewu unkadya. Chimene chinkandisunga chinali foni. Lameki akawapatsira akulu anga, moni wathu unali umodzi.

"Moto ulipo?"

"Ulipo. Bwera udzawothe."

Pabalaza pa dona panali malo owothera, omanga ndi njerwa, okhala ndi chumuni. M'nyengo yozizira ndinkasonkhapo nkhuni, m'mawa n'kuwola phulusa. Ntchito imeneyo ndinkaikonda, fungo lake linkandifikitsa kwathu. Koma dona chifuwa chinamuvuta, mwana wake n'kubwera ndi amisiri. Anasesa mwaye m'chumuni, anaboola khoma, n'kulowetsa paipi yochokera kuchigubu cha gasi panja. Kenako anayalapo zikuni zoumba ndi dothi, zopaka utoto, za makungwa ndithu ngati zenizeni. Ukadina kabatani, phuu, moto.

Ndinakhala pansi n'kuupenyetsetsa. Malawi akuvina, zikuni osapsa. Mawa lake zikuni zomwezo, chaka chinacho zomwezo. Utsi ayi, phulusa ayi, kuthetheka ayi. Mphaka amene ankagona pamenepo anasamuka. Ndinati mumtima, moto wosadya uwu ukukhalira chiyani? Koma dona anasiya kutsokomola. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa.

Ndiye pafoni akulu anga nawo anali atayamba kutsokomola. Mitengo kuno inatha ndi zigafa za fodya, ankasonkhera zitsononkho ndi mapesi, utsi wake wolasa m'maso ndi pachifuwa. Ndinamuuza Lameki, amene apa anali atamera ndevu, kuti akagule mbaula ya gasi ku Lilongwe, aitane mmisiri wa ku Mponela, achotse mafuwa, athire simenti m'khitchini.

Ataimba anati, "Amayi, zatheka. Koma amayi aakulu andiletsa kuthira madzi pamoto. Apala makala paphale, atuluka nawo."

"Apita nawo kuti?"

"Sananene. Mafuwa ndinataya kudzala, m'mawa sindinawapeze."

"Apatse foniyo. Akulu, gasi mukumuona bwanji?"

"Wamwano. Amapsereza ndiwo munthu usanakhale n'komwe pansi."

"Nanga moto ulipo?"

"Ulipo."

Chifuwa chinachepa, izo ndisanama. Koma mvula itayamba, akulu anga anagwa pakhonde, mbali imodzi n'kufa. Atachoka kuchipatala ku Dowa sankayenda, ngakhale kukwawa. Lilime linalemera, dzina langa sankalitha, koma liwu limodzi lija linkatuluka lowongoka. Ulipo.

Tsiku lina Lameki anatsitsa mawu. "Amayi, kuphiri, pabwinja la agogo, kukumafuka utsi m'mawa uliwonse. Anthu asiya kudzera njira imeneyo. Anyamata anati akaone, anabwerera panjira, agalu atakana kukwera."

"Akusonkha ndani?"

"Ndiye ndikufunsa inu. Amayi aakulu sanachoke pamphasa chiyambire mvula. Bwerani, ngati mukufuna kuwapeza akupuma."

Ndinatsanzika dona. Anandigwira dzanja osafuna kulitaya, ndinachita kumasula zala zake chimodzichimodzi. M'basi, Zimbabwe yonse, Tete yense, pemphero langa linali limodzi: ndiwapeze amoyo, andione ndi maso.

Wa kabaza ananditsitsa pamphambano, kuti kutsogolo matope. Anali masana ndithu, dzuwa lili pamutu. Njira yachidule yofika kunyumba imadzera pabwinja. Ndinakweza maso, ndinauona. Utsi woonda ngati ulusi, woima chilili, pamene mphepo inkagonetsa udzu phiri lonse. Ndinati ndizungulire, koma kuzungulira n'kutali, ndipo ine ndinkathamangira munthu. Ndinasenza chikwama n'kukwera.

Nyumba ya amayi inali itatsala makoma okha, denga linagwa kale. Udzu pabwalo unali wofika m'chiuno, wosapondedwa, ndine ndinayamba kuuthyola. Pakhomo kangaude anali ataluka kuyambira uku mpaka uko. Ndinadula ndi dzanja n'kusuzumira.

Mafuwa athu. Ndinawadziwa, limodzi lili ndi chibenthu pamene ndinagwetsera nkhwangwa ndili mwana. Pakati pake chikuni, chokwiriridwa bwinobwino. Pamwamba pa phulusa, chidindo cha dzanja, chatsopano, mphepo isanachikhudze. Ndinawerenga zala. Zinayi.

Mantha sanandigwire pomwepo, anadza pambuyo. Pomwepo ndinangotula chikwama, n'kugwada ngati mwana woitanidwa. Ndinafukula phulusa ndi kamtengo, khala linandiyang'ana, lofiira psuu. Ndinatambasula manja. Kufunda kwake kunakwera m'mikono mpaka pachifuwa, kufunda kumene zikuni za dona sizinandipatseko zaka zonse zija. Ndinati, "Akulu, ndafika."

Khala lija linaphethira kamodzi, n'kuda. Ndinauzira, ndinauziranso, phulusa linangondidzaza m'maso. Ndikupukuta, ndinamva mfuu kumunsi kumudzi, kulira kwa amayi, kuja kumene munthu sufunsa kuti kwagwanji.

Ndinatsika ndikugwa ndikudzuka. Pakhomo ndinapeza a Nankhoma, oyandikana nafe, amene ankawasamala. Anandigwira mapewa.

"Mwachedwa pang'ono pokha, amake Lameki. Posachedwapa anatsegula maso, anati, 'Wafika, wawotha.' Mawu oyera, ngati munthu wosadwala. Atatero anatembenukira kukhoma."

Ndinalowa, ndinawagwira dzanja lamanzere. Linali likadali lofunda. M'zikhadabo munali phulusa. A Nankhoma analiona, anatenga kansalu n'kupukuta.

Tsiku lometa panalibe moto woti tizimitse, panalibe phulusa loti tikataye pamphambano. Tinangoima m'khitchini ya simenti tikuyang'anana. Lameki anapotokola kachitsulo, kamoto kobiriwira kanatuluka, akuluakulu anati basi, tiziti watsopano ndi umenewo. Ndinafunsa mayi aliyense m'mudzi, mmodzimmodzi, ngati ankakwera kukasonkha. Aliyense anakana, ena analavula kaye.

Apa m'pamene ndinaona kumene ndinabwerera. Ndinkati kwathu ndi phiri ili, ndi nyumba iyi imene ndinafolera ndi malata a thukuta la ku Joni. Koma m'mawa pakhomo pano panali zii. Palibe ankabwera kudzapala moto, palibe ankakhala pansi kudikira khala n'kukuuza za mwana wodwala kapena mbuzi yosowa. A Nankhoma anabwera kamodzi ndi phale lawo mwachizolowezi. Anaima n'kuyang'ana kamoto kobiriwira kaja, anayang'ana phale, anaseka pang'ono, n'kubwerera nalo lopanda kanthu. Mudzi wonse unkadzera pamoto wa munthu mmodzi, ndipo munthuyo ankadikira ine.

Dona anamwalira chaka chomwecho, kunyumba yosungira okalamba. Lameki anakwatira ku Mponela, ndiye amanditengera chigubu kukadzazitsa. A Nankhoma masiku ano amagula machesi. Mafuwa akadali kuphiri, palibe wafuna kuwatsitsa. Ine ndikuphikira gasi, sinditsokomola, maso sandiwawa.

Tiyamike, mayi wanu, ndiye ali ku Joni tsopano, inu n'kutsala ndi ine. Mwezi wathawu pafoni anandifunsa moseka, poti ankatimva ali mwana, "Amayi, moto ulipo?" Ndisanaganize, pakamwa panayankha pokha. Ndinati ulipo, bwera udzawothe.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi phulusa m'zikhadabo. Ndinatuluka panja, ndinayang'ana kuphiri, ndipo utsi uja inu munauona ngati mmene ndinauonera ine.

Ndiye mukamamva ndikumuuza mayi wanu kuti asafulumire kubwera, agwireko kaye chaka china, musamati agogo akonda ndalama.