Tulo Tanga Pakamwa pa Mkamwini

Matenda anga alibe bala. Thupi limangowawa lonse, mapewa, msana, ntchafu, ngati andipuntha ndi munsi, koma pakhungu osaoneka kanthu. Dokota wa ku Woodlands ndiye anawatcha dzina, faibulomayaljiya, dzina limene mpaka lero limandipinda lilime. Nditalephera kugulitsa tinsomba ta kapenta pamsika wa Kabwata, mwana wanga wamkazi ananditengera ku Chelstone, kumene amakhala ndi mwamuna wake.

Dokotayo anati asananditumize kwa katswiri, ndiyankhe mafunso a tulo kawiri, masiku osiyana. Mayankho akafanana, ndiye kuti vuto ndi lenileni. Ulendo woyamba ndinapita ndi mwana wanga, ndipo ndinakhuthula zonse. Ulendo wachiwiri anamukaniza kuntchito, iye nati andiperekeze mwamuna wake. Ndinakana, ndinakalipa, koma tsiku linali litaikidwa kale.

Ife akum'mawa mkamwini sitidya naye mbale imodzi, sitiyang'anana naye m'maso. Ena amati m'tauni zimenezo zinatha. Zinatha kwa iwo, osati kwa ine. M'minibasi iye anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Koma m'chipinda cha dokota mipando inali iwiri yokha, yogundana. Dokotayo anali mtsikana wa ku Kopala, kumigodi, Chinyanja chake chongogulira tomato, ndipo mafunso anali m'Chingelezi. Womasulira anakhala mkamwini.

Za nthawi yogonera ndinayankha. Kenaka zinabwera zina. Ndimadzuka kangati kukataya madzi? Thupi limatentha mpaka kutaya zofunda? Ndimabuula? Mkamwini ankafunsa atayang'ana nsapato zake. Ine, mayi wobala mkazi wake, ndimuuze za chikhodzodzo changa? Aa, ayi. Funso lililonse ndinkangoti ndimagona bwino. Ndinkadziwa kuti ndikudzitsekera ndekha khomo la katswiri, ndipo mtima unkandiwawa zedi, koma pakamwa panakana.

Chingelezi sindichidziwa, koma kutalika kwa mawu ndimakumva. Ine ndikati bwino, mkamwini ankalankhula mpaka kukoka mpweya pakati. Dokota n'kumalemba, n'kumagwedeza mutu. Pomaliza anaika mapepala awiri aja pamodzi, nati akugwirizana, ndipo anandilembera zoti ndikaonane ndi katswiri.

Podikira basi, nditamufulatira, ndinamufunsa mkamwini zimene anauza dokota. Anagwada pafumbi ndi thalauzi lake la kuofesi, anthu akuyang'ana.

"Amayi, mundikhululukire. Khoma la nyumba ija ndi lopyapyala. Ndanena zimene ndimamva."

Manyazi anandigwira. Ndiye kuti miyezi yonseyo ankamva chitseko changa, kukhwekhwereza kwa patapata wanga, ngakhale kuitana kwanga amayi anga amene anamwalira kalekale. M'mawa n'kumandipatsa moni ali chapatali, ine n'kumati ndauka bwino, iye n'kuvomera mwaulemu, akudziwa zonse.

Mwana wanga atamva anaseka, nati ndimuthokoze, wandipulumutsa. Sananame. Katswiri anandipatsa mankhwala, anandiphunzitsa kutambasula thupi, ndipo ululu unachepako pang'ono. Ndinagula tambala n'kupereka kwa mkamwini kudzera mwa mkazi wake, pakuti munthu wabwino chotere sapezeka pamsewu. Koma dokota uja mpaka lero amakhulupirira kuti pepala lachiwiri lili ndi mawu anga. Amanyadira kuti mafunso ake sanama.

Mwezi wathawu katswiri anandifunsanso mafunso omwewo, ndili ndekha ndi namwino wachikulire wa ku Katete, wondimasulira. Atafika pa kubuula ndinati ndinasiya, ndipo sindinaname. Anasangalala, nalemba kuti ndikupeza bwino. Sanandifunse chifukwa chake. Chiyambire tsiku la pafumbi lija, ululu ukandigwira ndimaluma chitenje mpaka udutse, kuti mwana wa eni agone.