Beseni la Azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaluma mkono wa munthu wamkulu pa mpopi wa ku Chinsapo. Mpaka lero sindinapepese.

Pa mpopi paja zidebe ndizo zinkakhala pamzere, eni akefe tili pamthunzi. Amayi a Dalitso, oyandikana nafe nyumba, anafika mochedwa n'kukankha chidebe changa ndi phazi. "Mwana wamasiye amatunga pomaliza," anatero. Amayi anga tinali titangowaika kumene ku Dedza, ine n'kutengedwa ndi azakhali. Ndinawalumphira Amayi a Dalitsowo n'kuwaluma mkono.

Amuna awo a azakhali sanachulutse gaga m'diwa. "Ukadzamenyananso ukubwerera ku Dedza, sukulu ithere pomwepo."

Azakhali anandikhazika pakhonde n'kundisanjika beseni lodzaza madzi pamiyendo. "Usayankhule. Uzingomvetsera mpweya wako ukamalowa ndi kutuluka, mpaka uone nkhope yako m'madzimo."

Zamkutu! Wolakwa ali phee kunyumba kwake, ine ndizicheza ndi beseni? Miyendo inkanjenjemera, madzi akukhavukira pa diresi, ine ndikutukwana chamumtima. Koma azakhali anali chiimire pakhomo, ndiye ndinapuma monga ananenera. Pang'onopang'ono ndinayamba kumva utsi wa makala, wailesi ya kuseri kwa mpanda, mpweya wotentha m'mphuno mwanga. Madzi anadekha. Nkhope imene ndinaiona m'menemo, yotupa ndi kulira, inali ya amayi anga yeniyeni.

M'mawa mwake Amayi a Dalitso anabwera ku mpopi atamanga kansalu pamkono, n'kukankhanso chidebe changa, dala. Anthu anasendera kuti aonere filimu yaulere. Mano anandiyabwa, Dedza ndikumuona apa. Ndinakoka mpweya, n'kuumva ukutsika mpaka m'mimba. Ndinatola chidebe n'kuchibwezera pamalo pake. Anachikankhanso. Ndinachibwezeranso.

"Inu amayi, manyazi mulibe?" anakalipa mayi wogulitsa madzi. "Musiyeni mwanayo atunge!"

Ndinatunga, ndipo sukulu ndinamaliza.

Masiku ano ndikapanikizika m'minibasi ya ku Nsungwi kondakitala akulalata, ndimapumabe chimodzimodzi. Ena amati kukhazika mtima pansi chotere kumachotsa mkwiyo. Bodza limenelo. Wanga ulipobe, ndikakumbukira phazi lija pa chidebe changa magazi amawira. Azakhali sanandilande mkwiyowo ayi. Anangondiphunzitsa kuunyamula wodzaza choncho, osaukhuthulira munthu.