Tiyi Wosadzaza Kapu

Achemwali anga anandiuza zoti akupita ku Joni uku akutsuka makapu, osandiyang'ana n'komwe. Anati alamu, amene ali komweko, aimba foni, ntchito ya m'nyumba yapezeka, ndiye mwezi ukangotha iwo ulendo. Ine nthawi imeneyo ndili pa benchi la pakhomo pa tiyirumu yathu pa Limbuli, foni m'manja, ndikuonera mayi wina wa ku Kyrgyzstan akukama kavalo. Eya, kavalo. Amakama ndithu, mkakawo n'kuusasitsa, n'kumamwa ngati mmene ife timamwera thobwa. Ndiye ine ndinangoti, "Achemwali, taonani izi," ngati sindinamve. Koma ndinamva.

Ndinene kaye kuti ine munthu wina wondilera, kupatula achemwaliwo, sindimudziwa. Amayi anamwalira ndili wamng'ono. Abambo anabwera kuno ali mnyamata, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, anathyola tiyi ku esiteti zaka zambirimbiri, amayi atangomwalira anawolokanso, pano ali ndi banja lina kuseri kwa Milanje uko. Timangomva za iwo kwa anthu obwera kudzagulitsa nandolo. Ndiye achemwali ndiwo anali amayi, ndiwo abambo, ndiwo eni tiyirumu, ndiwonso ondilanda foni ndikapsereza mkaka. Sukulu ndinalekera panjira, koma musandione chonchi, Chingelezi changachi ndachiphunzira ndekha pa foni pomwepa, bandulo ikalola.

Za Kyrgyzstan zinandipeza zokha. Tsiku lina ndikungosuntha mavidiyo, ndinaona phiri. Ndinati aa, lathu la Mulanje ili? Ayi, ili pamwamba pake panali poyera ngati alithira ufa. M'munsi mwake udzu wokhawokha, popanda munda, popanda mpanda, tinyumba tozungulira ngati nkhokwe, topangidwa ndi ubweya wa nkhosa, ndiye kamwana kochepa kwambiri kali pa kavalo kakuthamanga ngati kabadwira pomwepo. Foni nayo ikangodziwa kuti wakonda chinthu, basi, imakubweretsera chomwecho mpaka utatopa. Ine sindinatope. Ndinakafufuza pa mapu. Dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu lomweli, lopanikizika pakati pa mayiko akuluakulu, anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti liliko. Ndinati amenewa ndi abale athu awa.

Makasitomala anatopa nane. Akabaza, azimayi a tomato, anyamata a pa boda, aliyense wolowa ankalandira tiyi, sikono, ndi Kyrgyzstan waulere pamwamba.

"Iwe, ku Blantyre unafikako?" anandifunsa tsiku lina mayi wina wa tomato.

"Kamodzi, ndili khanda."

"Nanga kwa abambo ako kuseri kunoku?"

"Sindinapiteko."

"Ndiye ukufuna ukayambire kutali konseko? Yamba wafika pa Chonde pafupi pomwepa, tikuone."

Tiyirumu yonse inaseka. Achemwali ankangoti, "Musiyeni, ali kwawo ameneyo." Dzikolo ankalitchula choncho basi, kwanu. Ndikachedwa kutunga madzi, "Wabwerako kwanu kuja?"

Ndiye panali vidiyo ina imene inandisokoneza mutu kwambiri. Mtsikana wina woyendayenda walowa m'kanyumba kozungulira kaja, amukhazika pansi pa mphasa zokongola, mayi wa m'nyumbamo akumuthirira tiyi m'kabakuli kopanda chogwirira. Koma akuthira pang'ono, pansi penipeni. Ndinati mayi ameneyu ngoumira bwanji! Kenako anafotokoza. Akuti kumeneko mlendo sumudzazira. Umamuthirira pang'ono, akamaliza umuthirirenso, akamaliza umuthirirenso, kuti tiyi asazizire, komanso kuti mlendoyo akhalitse, uzimutumikirabe. Ukamudzazira mpaka kukamwa ndiye kuti ukumuuza kuti imwa uzipita. Inu! Ndinaibwereza vidiyo imeneyo mpaka foni inathima.

M'mawa mwake ndinayesera pa bambo wina wa kabaza, wachikulire, amene amabwera tsiku lililonse akatsitsa matumba a chimanga ochokera kuboda. Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, ine n'kumuthirira theka. Anasuzumira m'kapu, anandiyang'ana, anasuzumiranso.

"Mwana iwe, kapuyi yabooka?"

"Ayi bambo, umenewo ndi ulemu. Ku Kyrgyzstan mlendo..."

"Ulemu wa theka? Ine ndapalasa kuchokera mbandakucha, iwe ukundipatsa mankhwala a chifuwa?"

Achemwali anatulukira kumbaula, anandilanda ketulo, anathira mpaka tiyi anasefukira m'kambale. "Pepani bambo, foni inamudya mutu ameneyu." Bamboyo atapita anandikokera kuseri. "Tamvera. Kuno munthu umamudzazira mpaka atamwera m'kambale. Wa theka ndi wa munthu amene sukumufuna. Zakwanuzo ukachitire komweko."

Zimenezo zinachitika uthenga wa ku Joni usanabwere. Utabwera, mwezi wonse uja ine ndinali pa ntchito imodzi, yoti achemwali asapite. Ndinawaonetsa mavidiyo a anthu akuthamangitsidwa ku Joni, katundu ali pamutu. Ndinawakumbutsa za mnyamata wa m'mudzi mwathu amene anabwerako ali m'bokosi, pa ngolo ya kumbuyo kwa basi. Ndinadwala mutu wabodza. Ndinalonjeza kuti foni ndiyigulitsa, tangoganizani, ine! Iwo ankangopitiriza kukanda ufa wa masikono. Tsiku lina anatopa nane, anapukuta manja, anati, "Mwamuna wanga ndinamuona liti? Mwana wa eni akudikira mkazi wake zaka zonsezi, ine ndili pano ndikulera munthu woti mabere anamera kalekale. Ukufuna banja langa lithe kuti iwe uzipeza wokudzutsa m'mawa?"

Ndinangopita pa benchi langa lija.

Pa benchi pomwepo m'pamene ndinadzifunsa kuti kodi dziko limeneli ndimalikonderanji kwenikweni. Anthu amaganiza kuti ndi akavalo, kapena nyanja ina ya kumeneko imene ili pamwamba pa mapiri, madzi ake obiriwira ngati apaka utoto. Zimenezo n'zabwino, sindikukana. Koma taonani. Mozambiki inanditengera abambo. Joni inatenga alamu, inatenga mnzanga wa pamtima amene tinkagawana chaja, tsopano ikutenga achemwali. Blantyre nayo imatola mmodzimmodzi. Malo alionse amene ndimawadziwa dzina ali ndi munthu wanga m'kamwa. Koma Kyrgyzstan sinanditengerepo aliyense. Palibe anaimbako foni kuti konza pasipoti ubwere. Palibe bokosi linachokerako. Ndi dziko lokhalo limene ndingaliyang'ane mtima uli m'malo. Ndiponso anthu a kumeneko akamasamuka nyengo yotentha kupita kumapiri ndi ziweto, amaphwasula nyumba yonse, n'kuikweza, agogo, ana, ketulo, galu, onse ulendo. Kukayamba kuzizira amatsika onse limodzi. Palibe amene amamusiya kuti iwe tsala uziyang'anira tiyirumu.

Tsiku la ulendo kunacha ndi chiperoni, phiri losaoneka n'komwe, kamvula kaja kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa. Achemwali amayenera kukwera minibasi pa siteji ya pa Limbuli, akapeze basi yaikulu ku Blantyre masana. Chikwama chawo chachikulu chamizeremizere chinali pakhomo, bambo wa kabaza uja atachimangirira kale pa njinga. Ine ndinali nditayatsa mbaula, tiyi atawira. Achemwali analowa atavala juzi la alamu, n'kukhala pa benchi la makasitomala. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo atakhala pamenepo.

"Lero ndine kasitomala," anatero. "Ndithirire."

Ndinatenga kapu yabwino ija, yopanda chibenthu. Ndinathira pang'ono, pansi penipeni.

Anasuzumira m'kapu. Ndinadikira kuti andikalipire. Anamwa, anaika kapu pa tebulo, ine n'kuthiranso pang'ono.

Panja kondakitala akukuwa, "Limbe! Limbe! Wamsangamsanga Limbe!" Achemwali anayamba malamulo awo. Mkaka uziwiritsa usanatsegule chitseko. Makala usamagule onyowa. Mbaula ikayaka foni izikhala m'thumba, wamva? Ine ndikungoti eya, eya, ndikuthira. Minibasi ija inadzaza, inanyamuka. Tinaimva tonse ikupita. Palibe anayang'ana mnzake.

Malamulo anatha. Ndinaopa kuti akangokhala chete adzuka, ndiye ndinatsegula pakamwa panga paja. Ndinawauza za buledi wozungulira amene amamatika m'khoma la uvuni wadothi. Za amuna osaka nkhandwe ndi chiwombankhanga chokhala pa mkono. Za msewu wokhotakhota wokwera phiri, woti galimoto imachita kupuma panjira. Ndinalankhula ngati wailesi, inu, zina ndikubwereza, zina mwina ndikuwonjezera. Ndipo kwa nthawi yoyamba achemwali sanandidule. Anandifunsanso funso.

"Ndiye kumeneko kumazizira kuposa kunoko?"

"Kwambiri! Madzi amauma gwa, munthu n'kuyenda pamwamba pa nyanja."

"Ndiye iwe ndi chifuwa chakocho ukakafika sabata yomweyo tikuika m'manda."

Tinaseka. Ndinathiranso pang'ono.

Foni yawo inalira. Alamu. Ndinamva mawu awo akufunsa ngati anyamuka. Achemwali anati, "Ndikumwa tiyi." Alamu analankhula zambiri, iwo anangobwereza, "Ndati ndikumwa tiyi," n'kudula. Ndinati mwina. Mwina basi yaikulu iwasiya, mwina mawa aganiza zina, mwina ntchitoyo apatsa wina.

Minibasi ina inayamba kuitanira. Bambo wa kabaza anasuzumira pakhomo, chipewa chikudontha. "Amayi, ya ku Blantyre ija siyidikira munthu. Iyi ikakusiyani, basi mwagona."

"Tamva, bambo."

Ketulo inali itapepuka. Ndinadzuka kuti ndikathire madzi ena, ndiwiritsenso, madzi ozizira amachedwa kuwira, ndinali nditawerengera kale zimenezo. Achemwali anandigwira pa mkono. Dzanja lawo lija, lokhakhala ndi sopo wa makapu.

"Iwe. Dzaza."

"Achemwali, tiyi watsala pang'ono, ndingowiritsa wina, sachedwa..."

"Watsalayo akwana. Zija unkauza bambo awa tsiku lija ndinazimva, usaone ngati ndinali kumbaula. Ndakhala, ndamwa, ndaona. Tsopano dzaza, ndizipita."

Anandisunthira kapu. Ndinaima pamenepo ketulo ili m'manja. Ndikanatha kukana, ndikanatha kunena kuti ndiye dzithirireni nokha. Koma munthu ameneyu anandidzazira kapu moyo wanga wonse, ngakhale masiku amene iye ankamwa madzi otentha okha. Ndinapendeketsa ketulo. Tiyi anakwera, anafika kukamwa, anasefukira m'kambale, mpaka ketulo inatha.

Anamwa pang'onopang'ono, osapuma, mpaka pansi. Kenako ananyamula kambale n'kumwanso wa m'menemo. Anapukuta pakamwa ndi juzi la alamu.

"Shuga umachulutsa," anatero. "Uzichepetsa, utha bizinesi."

Sindinawaperekeze ku siteji. Mbaula inali ikuyaka, makasitomala anali atayamba kulowa, mayi wa tomato akuitanitsa masikono awiri. Ndinangoona njinga ikukhota, chikwama chamizeremizere chikugwedezeka, kenako chifunga.

Panopa tiyirumu ndimayendetsa ndekha. Kutunga, kuyatsa, kukanda, kutsuka, kutseka. Miyendo imawawa, msana umawawa, kulankhula kuja kunachepa kokha popanda wondiletsa. Aliyense ndimamudzazira mpaka m'kambale. Achemwali amatumiza mavoisi Lamlungu, akuti kuli bwino, akuti azungu awo ali ndi agalu ogona pa sofa, akuti mwina chaka chamawa abwera kudzationa. Chaka chamawa chimenecho alamu ankachinenanso. Mavidiyo a Kyrgyzstan ndimaonerabe, koma modukizadukiza, madzi akamawira, mawu nditatsitsa. Pasipoti ndilibe. Ngakhale pa Chonde paja sindinafikebe.

Sabata yathayi kunagwa mvula yeniyeni masana, msika wonse unabalalika. Mu tiyirumu munatsala bambo wa kabaza uja yekha, njinga ataitsamiritsa pakhonde. Ndinabwera ndi ketulo kuti ndimudzazire monga mwa masiku onse. Anaphimba kapu ndi dzanja.

"Mwana iwe, lero ndithirire mwaulemu muja. Mvulayi siyikata msanga."

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundiseka. Sankaseka. Ndinathira pang'ono, pansi penipeni. Anamwa, anandisunthira kapu, anasuntha pa benchi kundisiyira malo.

"Ndiye akuti kavaloyo amamukama ataima mbali iti, kuti asawamenye theche?"

Ndinakhala pansi. Ndinatulutsa foni m'thumba.