Chikopa cha Bantomu

A Lazarus Chimango a ku Mlangeni ndi alamu anga, anakwatira achemwali anga a Dailes. Munthu wouma mutu ngati ameneyu sindinamuone, koma pa zikopa dzanja lawo n'lodala. Zishango zambiri za ovina ngoma kuno anapanga ndi iwo.

Zikopazo ankazisunga ndi mchere, monga ankachitira bambo awo. Tsono madzi amcherewo ankatsikira m'dimba la achemwali, mpaka mbatatesi inaleka kumera. Kukangana kwake, ayi ndithu, mudzi wonse unkamva.

Alangizi a zaulimi atabwera kudzachititsa msonkhano anati mchere umapha nthaka. Sinjani masamba a nimu, pakani mkati mwa chikopa, muyanike pamthunzi. Alamu anabwerako mutu utaima.

"Chikopa n'kuchipaka masamba ngati chilonda? Nanga pamthunzi chinthu chiuma bwanji?"

Chaka chomwecho Bantomu anathyoka mwendo m'ngalande, ndipo anamupha. Bantomu anali ng'ombe yokoka ngolo, yomaliza ya m'khola la bambo awo a alamu. Nyama alamu sanailawe. Ankangofuna chikopacho, apange chishango chawochawo choti chizikhala m'nyumba.

Achemwali anabisa mchere. Nimu naye amamera kuchigwa, ku Sharpevale uko, ndipo chikopa chachiwisi sichidikira munthu. Alamu anakathyola masamba pamtengo wa kuseri kwa tchalitchi.

"Alamu, umenewutu ndi indiya, si nimu," ndinawauza.

"Masamba ake omwewo, kuwawa komweko. Kusiyana kuli pati?"

Nanenso ndinayamba kukayika. Tinasinja, tinapaka, tinayanika pansi pa mtengo wa pichesi, chifunga chili tolo. Posakhalitsa, mayo ine, fungo! Ntchentche zinachita kuitanizana, ubweya ukungosolotoka ukaugwira. Alamu anaima pamenepo atagwira m'chiuno.

"Chalakwika ndi mtengo, kapena mthunzi, kapena chifungachi?" anafunsa. Mpaka lero sitidziwa. Ine zinandiwawa, chifukwa anali atamvera kwa nthawi yoyamba.

Achemwali anatulutsa mchere uja mwakachetechete, koma kunali kutada kale. Alamu anakakwirira chikopacho m'dimba, pamalo pouma paja.

Chaka chino pamenepo pamera mbatatesi, masamba ake biriwiri. Achemwali atakumba anawaphikira, koma alamu anakankha mbale.

"Idyani inu," anatero. "Bantomu akulimirani."